Mfuti ya m'thumba la chimanga

Mfuti ya Gilibati inali ndi matenda awiri otsutsana, ndipo onse awiri inawatenga tsiku limodzi. Ukaikhethemula, nthawi zina inkangoti kete, n'kukhala duu ngati sinamve. Ukaisiya pansi osaikhudza, nthawi zina inkalira yokha.

Poyamba sinali choncho. Kanali kamfuti kakang'ono, kolowa m'thumba la jekete, kamene anasinthanitsa ndi wailesi komanso mbuzi yaikazi kwa munthu wina amene anatulukira kunkhalango ya Dzalanyama. Munali mu 1995, matipate atangokhazikika kumene, ndipo ufulu unafika ku Mitundu pamodzi ndi achifwamba. Pamzere umene Gilibati anali ndi golosale yake, anthu a zikwanje anali atathyola kale kwa anzake awiri. Iye anaona kuti wotsatira ndi iyeyo.

Vuto linali chala. Asanatsegule golosale, Gilibati ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo tsiku lina jeke yodindira mabelo inamupana chala chamkombaphala. Chinapola, koma chinauma, chosapindika bwino. Tsono chokhethemulira cha mfutiyo, kachitsulo kaja kamene chala chimakoka, chinali cholimba zedi. Kuti achikoke ankafunika manja onse awiri, ndipo wachifwamba sadikira kuti munthu aitane dzanja lachiwiri.

Anapita nayo kwa Matthews, amene ankakonza makina osokera ndi maloko kuseri kwa msika.

"Ichi n'chitsulo basi, achimwene," anatero Matthews akuitembenuza m'manja. "Makina osokera ali ndi tizitsulo tambiri kuposa kameneka. Mukufuna chifewe bwanji?"

"Choti chala ichi chikwanitse chokha."

"Chifewa ngati nthochi yakupsa. Mudzandithokoza."

Matthews anaimasula, n'kupalapala zam'kati ndi tupa, akuimba mluzu. Lamulungu masana anapita awiriwo kukaiyesa m'mabulugamu a kutsidya kwa dambo, kumene kulibe nyumba. Chokhethemulira chinali chitafewadi. Gilibati anakoka ndi chala chake chouma chija: kete. Anakokanso: kete. Kachitatu ndiye inalira.

"Ikuzolowera," anatero Matthews.

Gilibati anaiika pachitsa kuti apukute thukuta. Itangogunda pachitsapo inalira yokha, chipolopolo n'kusenda khungwa la mtengo pafupi ndi bondo la Matthews. Gilibati ataitola mwamantha anapeza kuti yaumiratu. Sinkatsegukanso, ndipo chipolopolo china chinali chitalowa kale pamalo pake, chikudikira. Matthews anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kwaya kutchalitchi. Anati abwere nayo Loweruka. Loweruka limenelo sanatsegule, ndipo lotsatira lake anthu ankati wapita kwawo ku Dedza.

Kodi chinthu chimene chimadzuka chikangogundidwa umachisunga pati? Gilibati anayenda nalo funsoli masiku angapo. Pansi pa bedi mkazi wake Felesiya amasesapo. Kudenga kumathamanga makoswe. Kugolosale makireti amagwetsedwa tsiku lonse. Kukaitaya kuthengo, akaitola ana oweta ng'ombe. Yankho limene anapeza linamusangalatsa yekha. Anaikulunga m'chidutswa cha bulangete lakale, n'kumanga ndi linya mozunguliza kambiri, kenako anaikankhira pakati penipeni pa thumba la chimanga la pakona, limene amayenera kudzalidya nthawi ya dzinja. Chimanga chimagwira chinthu mbali zonse. Ngakhale italira, chipolopolo chikanathera m'chimangamo.

Felesiya sanamuuze. Mkaziyo anali atanena kale, tsiku limene anansi anathyoleredwa, kuti m'nyumba mukadzalowa mfuti iye adzabereka mwana wawo Kettie n'kubwerera kwa amayi ake. Pamene Felesiya ankathira mankhwala a anankafumbwe m'matumba ena, Gilibati anati la pakonalo alisiye, adzathira yekha.

Lachinayi lina m'mawa, dzuwa litakwera ndithu, Jacinta wa nyumba yoyandikana nayo anafika kugolosale akupuma wefuwefu.

"Abambo a Kettie, kwagwa zovuta. Atsibweni awo a akazi anu atisiya, kwawo kuja ku Nathenje. Uthenga wabwera mutangochoka. Amake Kettie anyamuka kale pa matola, akuti mutseke muwatsatire."

"Pepani, pepani," anatero Gilibati, akuvula chipewa. "Anali akudwaladi miyendo."

"Atenga thumba limodzi la chimanga loti likathandize pamaliro."

Gilibati anaima chilili, chipewa chili m'manja.

"Thumba liti?"

"La pakona lija. Akuti enawo ali ndi mankhwala, sangadyedwe panopa. Anyamata a pikapu alinyamula n'kuliponya kumbuyo, mumawadziwa mmene amachitira aja."

"Aliponya?"

"Eee, nanga n'dzira? Komanso lawathandiza, poti malo analibe. Akhalira pomwepo, mwana ali pamiyendo."

Gilibati sanakumbuke ngati anakhoma golosale. Anangozindikira ali panjinga, akupalasa mumsewu wafumbi wodutsa m'midzi kulowera ku Nathenje.

Msewu umenewo anaudutsa kambirimbiri, koma sanaudziwe mmene anaudziwira tsiku limenelo. Unali wa mizeremizere ngati lata, ndipo njinga inkanjenjemera mpaka mano kugundana. Dzenje lililonse ankaliona kawiri: koyamba ndi maso, kachiwiri ali ndi Felesiya m'maganizo, akudumphira m'mwamba n'kugweranso pathumba. Anayesa kukumbukira kumene kamwa la mfuti linaloza pamene ankaikankhira m'chimanga. Linaloza kukhoma. Koma khoma linali litatsala ku Mitundu. Thumba lagonekedwa, latembenuzidwa, ndipo tsopano kamwa lija likanatha kuloza kulikonse, pansi, kwa dalaivala, kapena m'mwamba.

Anadzilimbitsa mtima kuti chimanga chigwira chipolopolo. Koma anali ataona kuti? Maganizo amenewo anawapanga yekha ali gone pabedi. Sanayesepo.

Pamlatho wina wa matabwa anakumana ndi bambo woyendetsa ngolo ya ng'ombe.

"Wawa achimwene. Mwakumana ndi pikapu yodzaza anthu?"

"Yoyera? Yadutsa kalekale."

"Inali bwinobwino?"

"Inkathamanga ngati yaba. Pamlatho pano yachita kudumpha."

"Simunamve kanthu? Kuphulika kapena anthu kukuwa?"

Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Teyala lake mwalichita chiyani, akulu?"

Gilibati anapitiriza kupalasa. Paliponse pamene anaona anthu ataunjikana m'mbali mwa msewu mtima unkaima, kenako n'kupeza kuti akugula mbatata kapena akudikira matola. Pena ankapemphera, koma pemphero lake linkasokonekera, chifukwa ankapempha Mulungu kuti mfuti imene anaikonzetsa kuti izilira msanga ikane kulira.

Anafika dzuwa lili pamutu. Polowera m'mudzi anali atayala masamba aawisi panjira, ndipo pamasamba a maliro munthu sadutsa ali pachishalo. Anatsika, n'kuyamba kukankha njinga pang'onopang'ono monga mwa ulemu, miyendo ikufuna kuthamanga. Kusiwa kunkamveka nyimbo ya amayi a mpingo ndi kulira kwa apa ndi apo. Anatchera khutu. Kunali kulira kwa maliro amodzi, ozolowereka kale, osati kwa tsoka latsopano. Ndiye kuti pikapu inafika bwino.

Sakanalunjika kumene amayi ankaphika. Mkamwini akafika pamaliro amayamba wakhala pansi pamene pali amuna anzake. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kukhala pamphasa. Akuluakulu anamulonjera mmodzimmodzi, aliyense akuwomba m'manja mofatsa, ndipo aliyense anayenera kuyankhidwa. Wina anamufotokozera mmene matenda anayendera, kuyambira pamene miyendo inayamba kutupa. Gilibati ankagwedeza mutu, maso ali kuseri kwa nyumba kumene kunkafuka utsi.

"Mwachita zaulemu, akamwini," anatero mkulu wina. "Thumba lathunthu. Talengeza kale pagulu."

"Zikomo. Lili kuti kodi?"

"Lili m'manja mwa adzukulu. Musadandaule, lafika."

Apa panali mfundo ina yovuta kumasula. Chinthu chikaperekedwa pamaliro n'kulengezedwa, si chakonso. Kukachitenga n'kutukwana mudzi wonse. Kunena zoona n'kudziitanira apolisi, amene masiku amenewo ankasakasaka mfuti zopanda mapepala, komanso n'kutaya banja. Kukhala chete n'kudikira maliro achiwiri. Anaganiza njira yachinayi, n'kunyamuka monga wopita kukataya madzi.

Kuseri kwa nyumba amayi anali pikitipikiti. Ena ankakonola m'mitondo, ena ankapeta, ena ankasonkhezera moto pansi pa migolo. Woyang'anira zonse anali Enifa, mdzukulu wamkazi wochokera mudzi woyandikana nawo, mayi wamtali wa mawu aakulu. Adzukulu ndiwo amagwira ntchito zonse za pamaliro, ndipo malipiro awo ndi pakamwa: amanena chilichonse kwa aliyense, wina osakwiya. Thumba lija linali chiimire pafupi ndi mtondo, lotsegula, chimanga chitatsika kufika pakati.

"Taonani kuno, amayi!" anakuwa Enifa. "Abwana a golosale abwera kudzatithandiza kupeta. Apatseni chitenje!"

Amayi anaseka. Gilibati ananjuta.

"Ndimati mwina chotsalacho ndikuperekereni kuchigayo panjinga. Mukuvutika ndi mitondo."

"Ha! Chifundo chayamba liti ku Mitundu? Sopo mumatidulira wochepa ngati lilime la mphaka, lero mukuti mitondo?"

"Ndi ntchito ya mkamwini, mayi."

"Chigayo chilibe dizilo. Kapena mukufuna kukagulitsa panjira?"

Mtsikana wina anabwera ndi beseni, n'kulikankha thumba ndi bondo kuti lipendekeke. Gilibati anadumpha n'kuligwira ndi manja awiri.

"Pang'onopang'ono!"

"Iii, muli mazira?" anafunsa Enifa.

"Ndinagwetseramo kiyi. Kiyi wa kugolosale. Ndiloleni ndipisemo."

"Pisani, bambo. Thumba ndi lathu, koma dzanja ndi lanu."

Anagwada, n'kulowetsa dzanja mosamala ngati akupisa kuuna wa njoka. Chimanga chinali chozizira. Anafufuza pakati, m'mbali, mpaka zala zinakhudza pansi pa thumba. Munalibe kanthu. Anayambiranso. Atadzutsa mutu anapeza kuti mitondo yonse yaima, ndipo amayi onse akumuyang'ana. Panalibe amene ankaseka.

"Kiyi wanu amavala bulangete?" anafunsa Enifa. Mawu ake anali atatsika.

Gilibati anatulutsa dzanja m'thumba.

Enifa anapitiriza: "Tachipeza. Chatulukira m'beseni, chomangidwa ndi linya ngati mtembo wa khanda. Aliyense amakana kuchigwira, ndiye chayenda lichero ndi lichero, mpaka chagwa pansi kawiri."

"Chagwa pansi?"

"Nanga tikanachibereka? Ife tagwira mitembo yambiri, bambo, koma zokhwimira bizinesi sitigwira. Tapereka kwa eni mudzi."

"Chili kuti?"

Enifa analoza ndi mlomo kuseri kwa nkhokwe.

"Apongozi anu akuti chipsereze maliro asanatuluke."

Kuseri kwa nkhokwe kunali moto wina, waung'ono, wa zitsononkho ndi nkhuni zouma, umene unali utangoyamba kugwira. Apongozi ake, aNambewe, mlongo wa malemuyo, anali ataimirira pafupi ndi motowo ndi amayi awiri a mpingo ovala zoyera. Felesiya anali pakati pawo, mwana ali kumsana, maso otupa. M'manja mwake munali lichero, ndipo palicheropo panali phukusi lija. Analigwira motalikitsa ndi thupi lake, moti phukusilo linkaseserekera uku ndi uku.

Mkamwini safika pafupi ndi apongozi ake aakazi. Miyendo ya Gilibati inadziwa zimenezo kuposa mutu wake: inaima patali, n'kugwada yokha.

"Amake Kettie," anaitana motsitsa. "Ikani pansi lichero. Pang'onopang'ono."

Felesiya sanamuyang'ane. ANambewe nawo anayang'ana kumbali, n'kulankhula kwa mwana wawo.

"Afunse amuna ako. Golosale inatsegulidwa chaka chatha. Miyendo ya atsibweni ako inayamba kutupa chaka chatha. Lero chinthu ichi chabwera chokha pamaliro awo. Afunse kuti akufuna angati."

"Amayi, si mankhwala," anatero Gilibati, maso ali pansi. "Ndikulumbira. Musachiike pamoto."

"Wamva? Akuchichonderera. Chikapsa, golosale yapsa."

"Abambo a Kettie," anatero Felesiya, "munandiletsa kuthira mankhwala m'thumba lija. Ndinkati n'chifukwa chiyani. Mwandichititsa manyazi kwathu, pamaso pa mtembo."

"Ikani pansi kaye, tikambirane."

"Tiyeni tipemphere," anatero mmodzi wa amayi a mpingo. "Tikati ameni, uponye, mwanawe. Usaope. Moto wa Mulungu uposa zonsezi."

Anatseka maso n'kuyamba. Gilibati anacheuka. Amayi a kumitondo anali atabwera onse, Enifa ali patsogolo. Kumbuyo kwawo kunali amuna ena amene anamva kuti kuseri kuli nkhani, ndi ana akusuzumira pakati pa miyendo ya akuluakulu. Anali atazungulira moto mbali zonse. Pemphero linali lalifupi kuposa mmene ankayembekezera. Anamva likukhotera kumapeto, pa mawu aja akuti m'dzina la.

"Ndi mfuti!"

Anakuwa kwambiri moti nyimbo ya kusiwa inadukiza. Mayi wopempherayo anatsegula diso limodzi.

"Ndi mfuti, ili ndi chipolopolo m'kati, ndipo ndi yowonongeka. Imalira yokha. Mukaiponya pamoto ipha munthu pano."

Kenako mwamuna wina kumbuyo anaseka.

"Wokhwima aliyense ali ndi dzina la kanthu kake. Wina amati ndege, uyu akuti mfuti."

"Ponya, Felesiya," anatero aNambewe.

Koma Felesiya anali akumuyang'ana tsopano mwamuna wake, ndipo ankamudziwa nkhope yake akamanama. Iyi sinali imeneyo. Lichero linapendekeka m'manja mwa Felesiya, phukusi n'kuyamba kutsetserekera kumphepete.

Gilibati sanadziwe kuti waimirira liti. Anadutsa pafupi ndi apongozi ake mpaka phewa lake linakhudza nsalu yawo, amayi ena n'kukuwa kuti "Iii!", ndipo anagwira lichero mbali inayo. Kwa kanthawi analigwira awiri, phukusi litaima pamkombero penipeni.

"Siyani. Ndagwira. Chokani ndi mwana."

Felesiya anachotsa zala chimodzichimodzi, n'kubwerera chafutambuyo.

Gilibati anatsitsa lichero mpaka pansi, akupinda mawondo okha, msana uli chiwongokere. Anapempha mpeni. Enifa anamupatsa wosendera maungu. Linya anali atamanga yekha, mfundo pamwamba pa mfundo, ndipo iliyonse ikaduka phukusi linkagwedezeka pang'ono. Thukuta linkagwera pabulangete. Sankadziwa kuti kutsogolo ndi kuti. Pamene anafunyulula chidutswa chomaliza, kamwa lakuda la mfuti linatulukira litaloza pakati pa gulu, pamene panaima ana.

Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Ena anagwa, ena anathawira kuseri kwa nkhokwe, mayi wa mpingo anataya nsapato. Koma pamaliro anthu sathera. Atangothawa anaimanso chapatali, mozungulira ndithu, ndipo enanso ankabwera kuchokera kusiwa. Gilibati anaitola ndi manja awiri n'kuilozetsa pansi, pakati pa mapazi ake. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mbali yopanda munthu. Kumanja kunali siwa. Kumanzere kunali amuna pansi pa mango. Kutsogolo kunali njira ya kumanda, mmene adzukulu aamuna ankabwerera ndi makasu.

"Chotsani chipolopolo!" wina anakuwa.

"Sichikutuluka. Inauma."

"Ndiye ombani pansi ithe!"

Anasuntha mapazi, n'kulozetsa padothi lofewa la pafupi ndi nkhokwe. Amayi anatseka makutu. Anakoka chokhethemulira chofewa chija. Kete. Anakokanso. Kete. Anakoka kachitatu, mano ataluma mlomo. Kete.

"Yafa imeneyo," anatero mwamuna anaseka uja, ali kuseri kwa mtengo.

"Sinafe. Imatero. Kenako imalira."

"Liti?"

"Sindikudziwa."

Anaima choncho pakati pa bwalo, manja atatambasukira pansi, osatha kuisiya, osatha kuyenda nayo. Mapewa anayamba kuwawa. Chala chouma chija chinali pafupi ndi kachitsulo, ndipo anachichotsa n'kuchipinda kumbali mmene chikanathera. Mkulu amene anamuyamikira za thumba uja anafika, n'kuima patali.

"Akamwini, bokosi likufuna kutuluka. Sitinganyamule maliro chinthu ichi chili pabwalo. Za boma tikambirana tikabwera kumanda. Panopa chichoke."

"Ndipite nacho kuti, bambo?"

Wina anatchula chitsime, amayi n'kukana onse pamodzi. Wina anati kumtsinje, koma kunali kutali, ndipo njira yake inkadutsa pakati pa nyumba. Wina anati akumbe dzenje pompo, aNambewe n'kunena kuti pakhomo pawo sipakwiriridwa mfuti iwo ali moyo.

"Dzenje lilipo kale," anatero Enifa. "Lakuya kuposa manda. Tiyeni kuchimbudzi."

Chimbudzi chinali kumapeto kwa bwalo, cha udzu, chokhala ndi chiguduli pakhomo. Enifa anatsogola akukuwa kuti anthu apatuke, ndipo anayamba wagogoda pamtengo wa pakhomo. Munatuluka mkulu wina akumanga lamba, n'kudabwa kuona mudzi wonse ukumuyang'ana. Gilibati ankabwera pambuyo, akukweza phazi limodzi, kuliika pansi, kenako linalo, maso ali pamizu ndi timiyala. Mtunda umene mwana akanathamanga mosapuma unamutengera nthawi yoti nyimbo ya kusiwa inayambanso n'kutha.

M'katimo munali mdima pang'ono ndi ntchentche. Anagwada pamitengo yoyala, n'kulowetsa manja onse awiri pabowo, kamwa la mfuti litaloza pansi. Anadziwa kuti ikamagwa itembenuka, ndipo ikakagunda pansi ikhoza kuloza kumene yachokera. Anabweza mutu mmene akanathera, n'kutsekula zala, n'kudziponya chagada kunja, chiguduli n'kumugwera kumaso.

Pansi panamveka kuti phwa.

Anthu anadikira, manja ali m'makutu. Kunalira nkhuku kuseri kwa nyumba ina. Mwana wa kumsana kwa Felesiya anayetsemula. M'dzenjemo simunatuluke phokoso lililonse.

"Yalira?" anafunsa gogo wina wosamva bwino.

"Ayi."

"Ndiye ilira liti?"

Onse anayang'ana Gilibati, amene anali akadali pansi, fumbi lili m'tsitsi. Iye anangotambasula manja.

Anthu anayamba kubwerera kusiwa, koma aliyense ankalambalala chimbudzicho patali. Felesiya anatsala. Anamasula mwana n'kumubweretsa kutsogolo, n'kumugwira mutu ndi dzanja limodzi ngati wina akufuna kumulanda.

"Ndachikhalira kuchokera ku Mitundu," anatero. "Pamlatho paja tinadumpha, anthu n'kuseka. Inenso ndinaseka."

"Amake Kettie, ndinkafuna kukutetezani."

"Maliro akatha inu muzipita. Ine nditsala kuno."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa."

Anatembenuka n'kulowera kumene amayi ake anapita. Gilibati anafuna kumutsatira, koma Enifa anamutsekera njira. Anali atatenga khasu kwa mmodzi wa adzukulu a kumanda, dothi lofiira likadali kumpeni kwake.

"Anthu onsewa adya nyemba masana ano, ndipo ambiri agona konkuno," anatero. "Umo simulowanso munthu. Ndani angakhale pabowo limene pansi pake pali chinthu chosadziwika kumene chaloza? Kumbani china, uko kuseri kwa nthochi. Kumanda akuimirirani anzanu."

Gilibati analandira khasu. Ali m'kati moyeza malo, bokosi linatuluka m'siwa, nyimbo n'kukwera, ndipo gulu lonse linayamba kuyenda kulowera kumanda. Pabwalo panatsala iye yekha ndi agalu. Nthaka ya chilimwe inali youma gwa, moti khasu linkadumpha. Akamenya kangapo ankaima, n'kutchera khutu kuchimbudzi chakale, kenako n'kumenyanso.